Sikafu ya a Waltraud

Dzuwa litalusa sabata yonse ku Karlsruhe, ndinaima pamzere m'sitolo ya zamagetsi, dzanja lili pachipumi pa mwana wanga. Kutsogolo kwanga, bambo wina wachikulire ankakankha katoni ya makina oziziritsa m'nyumba, mayi wina n'kumuyamba.

"Bambo, mwatenga a paipi yotulukira pawindowa? Amasokosatu ngati thirakitala."

"Ndikudziwa, mayi. Koma a pakhoma aja eninyumba akana, akuti tisaboole khoma lawo."

"Ndiye musakawalozetse pabedi. Mphepo yodutsa m'nyumba imaumitsa khosi."

"Ha! Mukuyankhula ngati akazi anga a Waltraud. Chikwatirane, ndikangotsegula mawindo awiri amakuwa kuti ndikufuna kuwapha."

"Nanga mukalowa nawo bwanji? Mukagonatu panja inu!"

"Andituma okha. Timakhala pamwamba penipeni, kunsi kwa denga, ndipo kamdzukulu kathu kakhanda kakubwera Loweruka. Mayi ake anenetsa kuti m'nyumba mukatentha chonchi, sabwera nako."

"Akunena zoona. Koma nanga khosi la agogowo?"

"Ndawasiya akudzilukira sikafu yaubweya, thukuta lili kamukamu."