Njerwa Zanga Anagulitsa Achimwene, Ndinamanga ya Matumba

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni wanga. Ndine mnyamata wa ku Nchema, sukulu ndinalekeza panjira, ndipo ondidziwa amati mtima wanga ndi wapachala. Ndikufuna ndikuuzeni mmene achimwene anga enieni, obadwa nawo bere limodzi, anandisiyira pamtetete, ndi mmene Mulungu ananditolera.

Nditakwatira ndinapita chikamwini kufupi ndi Namitambo. Mwambo wathu mukuudziwa, mkamwini amaoneka ndi nyumba. Ife tinkagona m'khitchini mwa apongozi, mkazi wanga ali ndi pakati. Chilimwe chonse ndinaumba njerwa kwathu ku Nchema, kumene kuli dothi labwino, nkhuni zootchera ndikuzipeza ndi maganyu. Uvuni utangopsa, mkazi wanga anagonekedwa kuchipatala cha mishoni. Ndinapempha achimwene kuti aziyang'anira njerwazo.

Pobwerera ndinapeza phulusa, zibenthu ndi mikwasa ya matayala a lole basi. Anali atagulitsa uvuni wonse kwa munthu wina wa ku Njuli. Nditawafunsa anandiseka pamaso. "Iwe, dothi limenelo ndi la pamudzi pano. Umafuna ukalemeretse akuchikazi ndi dothi la amayi?"

Abale, kupemphera ndinaleka. Mwana anali atabadwa, mitambo yayamba kusonkhana, apongozi ayamba kuponya mawu akuti mkamwini wa chaka chino ndi wa m'khitchini. Tsiku lina ndinanola chikwanje n'kuuyamba wa ku Nchema. Sindikubisirani, sindinkapita kukadula mtengo.

Panjira ndinapeza bambo Makwinja, mkulu wa mphakati wathu, akutseka chigwembe cha madzi ndi matumba a dothi. Anandiyang'ana m'manja nati, "Akamwini, chikwanjecho chikukadula chiyani dzuwa lonseli?" Ndinawafotokozera zonse, misozi ikutsika. Atamva nkhani yanga anati, "Njerwa zapita, koma dothi silinathe. Taonani matumbawa." Iwo anagwirako ganyu pamalo ena pomwe anamanga nyumba yonse ndi matumba otero.

Ndinkaona ngati akundinyoza. Koma Lamulungu analengeza kumphakati kuti aliyense abweretse matumba otha a feteleza, ndipo anthu anabwera nawo, ena obooka ndi makoswe, tinachita kusoka. Pansi tinayala miyala kuti chinyezi chisakwere. M'matumba tinkathira dothi lonyowa pang'ono, loti ukalifumbata ligwirane. Ine ndi phuma langa ndinadzaza mzere wonse ndi dothi louma, bambo Makwinja anandikhuthulitsa lonse. Pakati pa mizere tinkaika waya waminga kuti matumba asaterereke. Amayi a mphakati anabwera ndi minsi yawo, akusinja khoma ngati mphale, uku akuimba. Ine ndinalanda munsi wa apongozi, mkwiyo wonse wa achimwene ndinauthera pamenepo mpaka m'manja matuza. Pomaliza tinamata ndi dothi losakaniza udzu, poti dzuwa limadya thumba.

Achimwene anadutsa tsiku lina pakabaza nakuwa kuti ndamanga nkhokwe ya feteleza. Magazi anawira, koma ndinali nditanyamula mwana, ndinangomufungatira.

Mvula yoyamba inatipeza tili mkati. Inagwa yamkuntho, khoma silinasunthe, mwana anagona osadzuka. M'mawa mwake apongozi anabwera, anagogoda khoma ndi chibakera, kenaka anaodira pakhomo panga monga aodira kwa munthu.

Kunena zoona, achimwene mpaka lero sanapepese, ndipo ndikamva lole ikudutsa ndi njerwa mtima umandipwetekabe. Mundipempherere pamenepo. Koma ndikuthokoza Ambuye amene anaika munthu panjira yanga tsiku lija. Iwe amene wakhumudwitsidwa ndi m'bale wako, pirira, usathamangire zomwe mtima ukukuuza. Chikwanje ndinanolera achimwene chija ndi chomwe chinadula mitengo ya denga limene mwana wanga akugonamo.