Ndinapalasa ndi Chidendene

Mtendere ukhale nanu nonse okhulupirira anzanga, amene mumandidziwa ndi amene mwangondiona lero ndikutsimphina. Dzina langa ndine Yesaya. Phazi langa lamanzereli linatsala theka, ndipo ndikufuna ndikuuzeni mmene anthu anandiwerengera kuti ndatha ntchito, Mulungu n'kukana.

Zinachitika m'zaka za chitaganya, dziko lisanalandire ufulu, boma lathu likutchedwabe Kota Kota. Ndinali mkamwini ku Chia, ndipo ntchito yanga inali yonyamula nsomba zowamba pa njinga kupita nazo kumapiri a Ntchisi. Ulendo umenewo sunali woyenda munthu mmodzi. Msewu unkadutsa m'thengo la njovu ndi mikango, choncho tinkapalasa pagulu. Mvula ikayamba tinkaimika njinga chifukwa msewu unkasanduka phala, n'kudikira kuti kuume, alimi akumtunda ayambe kugulitsa fodya.

Dzinja lina ndikupalira chinangwa ndinaponda mphiri, ndipo inandiluma. Pamene ankandifikitsa kuchipatala cha mishoni, phazi linali litada bii. Dokotala anadula zala zonse pamodzi ndi theka la phazi kuti mwendo upulumuke.

Ndinabwerera kumudzi n'kumangokhala pakhonde. Inu mukudziwa kuti mkamwini amakondedwa akamagwira khasu. Alamu anga anayamba kulankhula ine ndikumva, ati mlongo wawo sangamalere mwamuna ngati khanda, njinga igulitsidwe ndipo ine ndibwerere kwathu ku Liwaladzi. Mkazi wanga Esinati anawayankha kuti njinga sichoka m'nyumba, mwini wakenso sachoka. Koma ndinkamuona akubwera kumunda yekha atatopa, mwana kumsana, ndipo mtima wanga unkawawa kuposa bala. Panali masiku amene ndinapempha Mulungu kuti angonditenga.

Sananditenge. Mpunga utayamba kucha ndinamva mabelu a njinga, anzanga akuyesa mabuleki pamsewu, ndipo m'malo molira ndinapsa mtima. Ndinagwada movutikira n'kunena kuti: Ambuye, phazi sindikulipemphanso, linapita. Chidendene mwandisiyira. Tsopano ndipatseni munthu mmodzi yekha amene sadzandikana.

M'mawa mwake ndinatulutsa njinga. Ndinagwa nayo m'munda wa apongozi, ndinagwa nayo m'matope a m'dambo, anthu akuseka. Phazi linkaterereka papedulo, mpaka ndinadula mphira ya tayala lakale n'kumalimangirira. Pang'onopang'ono ndinaphunzira kukankha ndi chidendene.

Tsiku limene gulu linakumana pansi pa mtengo wa mango kuti lipangane zonyamuka, ndinafika ndikupalasa. Mtsogoleri wathu anali a Kachere, munthu wa mpingo wanga, amene tinkaimba naye nyimbo pabenchi limodzi. Iwo ndiwo anandikana. Anati m'thengo muja sadikira munthu, ndipo safuna kudzabweretsa uthenga wa maliro kwa mkazi wanga.

“Musandidikire, a Kachere,” ndinatero. “Msewu uja si wanu. Ndidzabwera pambuyo panu ndi dengu langa lodzaza, ndipo mkango ukafuna kundidya udzayambe wandipeza.”

Kenaka analankhula a Selemani, Msilamu wachikulire wa kuboma, amene sitinkadziwana kupitirira moni. Anati iwo amatsalira kale masana aliwonse kuti aswali, ndipo zaka zonsezi akhala akutsala okha popanda wowadandaula. Anati tsopano tikhala awiri. Ine ndinkayembekezera kuti yankho la pemphero langa lituluka m'tchalitchi, koma Mulungu analitulutsa mumzikiti.

Tinanyamuka m'mawa, mame asanaume. Kuchigwa ndinayenda nawo bwino, mphepo ikundiomba kumaso, fungo la chambo chowamba likunditsata, ndipo ndinaimba mokweza kuti aliyense amve kuti ndilipo. Mavuto anayamba pachitunda. Apo aliyense amatsika n'kumakankha njinga, ndipo kukankha kumafuna zala zimene ine ndinalibe. Anzathu anazimiririka pakona. Bala linatseguka, magazi n'kudzaza nsapato. Pambali pa msewu panali ndowe za njovu zikutulukabe nthunzi.

A Selemani anang'amba nsalu yawo n'kundimanga. Anafuna kusenza theka la nsomba zanga pa njinga yawo, koma ndinakana, ndinati ndikafika pamwamba ndi dengu lopepuka alamu anga adzakhala kuti ananena zoona. Sanandikakamize. Anayala kansalu kena pansi n'kuyamba swala, inenso ndinagwada chapatali n'kupemphera mwa njira yanga. Titatha anaika dzanja limodzi pachishalo changa, lina pa njinga yawo, ndipo tinakwera chitundacho, ine ndikukukuta mano.

Pamwamba tinapeza gulu lonse lili chikhalire pamthunzi. A Kachere anati tayala lawo linaphwa, n'chifukwa chake anaima. Ndinayang'ana matayala awo onse awiri, anali olimba gwa, ndipo pampu inali chimangire pamalo pake. Iwo anandipatsa madzi osandiyang'ana kumaso, n'kuuza anzathu kuti kuyambira pamenepo Yesaya aziyenda pakati.

Nsomba zanga ndinagulitsa zonse, ndipo ndinapalasa ndi gulu limenelo mpaka imvi zinandimera. Ndikuthokoza Mulungu amene sanandibwezere phazi koma anandibwezera msewu. Ndikuthokozanso a Selemani, amene anagona kale, ndipo pamaliro awo ndinapita pa njinga.

Tsono iwe amene anthu akuuza kuti watha, usawavomere msanga. Ona chimene chakutsalira, ngakhale chikhale chaching'ono, uchimange zolimba, ndipo anzako akamanyamuka nawenso unyamuke. Wokuthandiza Mulungu anamukonza kale, kungoti sungamupeze uli pakhonde. Amen.