A Paskale Chulu ndi Mawu Odula Mpweya

Malemu a Paskale Chulu anabadwa mu 1994 kuno kwa Mnkhanya. Amayi awo anamwalira iwo akuyamwa, choncho anakulira m'manja mwa ambuya awo, agogo Delia Mwanza, amene afotokoza mbiri ino kuti iwerengedwe.

Sukulu anayambira konkuno, nakamaliza giredi 12 ku Mambwe. M'mawa uliwonse ambuya ankawaperekeza mpaka pamsewu: osadzera kudambo, kwagona njovu, osatsika kumtsinje, kuli ng'ona. Zonsezo malemu ankamvera.

Mu 2017 anakwatira a Thelma a kwa Jumbe, ukwati wa ku Katolika, komwe ankaimba kwaya. Ntchito anaipeza pa loji ina ku Mfuwe, yonyamulira alendo tiyi m'tchire, mpaka anakhoza mayeso operekeza alendo okaona nyama.

Kumeneko ndiko anatola Chitaliyana. Ankati Ataliyana akaona nyalugwe sakhala chete, ndipo woperekeza ayenera kudziwa kuyamikira nawo m'chinenero chawo. Anagula kope, nkumalemba mawu otamanda kukongola, nkumaloweza pakhonde. Tsiku lina anamasulira amodzi: motsafiyato, ati kukongola kodula munthu mpweya. Ambuya anadzidzimuka. "Iwe, za mpweya saseweretsa pakamwa! Zimenezo uzisiye kuntchito." Malemu anaseka: "Ambuya, njovu mumaopa, ng'ona mumaopa, tsopano ndi mawu omwe?" Ichi chokha ndicho sanamvere.

Kuyambira pamenepo, akatsika panjinga sankanenanso mwaswera bwanji. Ankangofuula, "Belisima!" Ambuya ankatseka makutu. Malemu akati awamasulire, ambuya ankawathamangitsa. Zaka zitatu zinatha choncho.

Mwezi watha chifuwa chinawagwira malemu. Anagonekedwa kuchipatala masiku naini, mpweya ukuchepa tsiku ndi tsiku, ambuya ali pambali osachoka. Loweruka masana malemu anachotsa chopumira chimene anawaveka kumaso, nayang'ana ambuya, nanong'ona kuti, "Belisima." Ambuya, ndi mantha, anawakalipira: "Leka zimenezo, puma!" Amenewo ndiwo mawu omaliza amene malemu anamva pansi pano.

Dzulo a Thelma anatsegula kope lija. Pa belisima malemu analembapo kuti mkazi wokongola koposa, ndipo pambali pake, ndi pensulo, "ambuya anga".

Ambuya akuti ku njovu anatchinga, ku ng'ona anatchinga, lero alibenso womutchingira. Akuti achinyamata, mawu osadziwa kumene achokera musamalowe nawo m'nyumba, pa zimenezo sanasinthe maganizo. Koma inu akuluakulu, mwana akakuitanani, ngakhale ndi dzina lachilendo, muziyamba mwavomera. Ambuya anaitanidwa zaka zitatu, osavomera ndi kamodzi komwe.

Malemu asiya akazi awo a Thelma. Ana awiri, Hosea ndi Winnie. Amalume awo a Onesmus Mwanza. Ndi ambuya awo a Delia.

Mpweya umene unawathera kuno akaupeze kumene apita. Apumule mu mtendere.