Bwato la mano Bento linamira pa Kapoche

Moni nonse abale ndi alongo pa grupu pano, Ambuye Yesu atamandike. Ndine Zeka, yemwe uja mumati akanena kuti waona njovu muzifunsa kaye ngati sinali mbewa. Ndikudziwa ena mwayamba kale kuseka. Zito, iwe ndiye ndikukuona. Koma lero ndikukuputani dala, amene ali ndi mtima andikhulupirire kamodzi kokha. Nkhani yake ndi ya maliro a mkulu wanga ndi bwato limene anatisiyira.

Chaka chatha tinataya mkulu wangayo, mano Bento. Kwa amayi tinabadwa awiri basi, iye ndi ine. Anadwala ngati zocheza, tinathamanga naye pa mota, njinga yamoto ija, ku chipatala cha pa Chifunde, koma sanabwereko ndi miyendo yake. Pamaliro ine sindinalire. Ndinkatunga madzi, kuwaza nkhuni, kuseketsa adzukulu kumanda, mpaka azimayi kumanong'onezana kuti mwana uyu mtima wake ndi mwala. Sankadziwa kuti misozi ndinkangoikaniza.

Kwa inu amene si a kwathu, chaka chilichonse tikatha kukolola, ife achinyamata a ku parokia timapita ku akampamento, kukagona masiku angapo kumtsinje wa Kapoche. Timamanga lona pamchenga kuti tizigonamo, timanyamula mapanela ophikira, mbatata, nzimbe, ndi gitala la Zito lija lotsala zingwe zochepa. Koma chokoma chenicheni chinali bwato la mano Bento. Analisema yekha pamtengo wa mbawa. Ankatikweza awiriawiri, kutsetsereka nafe mpaka kuseri kwa miyala, kuponya mbedza, kubwerera tikuimba nyimbo za kwaya. Atsikana akayamba kukuwa, iye ndiye ankaligwedeza dala.

Anali ndi kachitidwe kake. Akampamento ikayandikira ankatsogola yekha masiku angapo, n'kumati akukalimwetsa madzi bwato. Ine ndinkamuseka. “Mano, bwato ndi limene likukamwa madzi, kapena ndinu mukukamwa tiyi kwa a Rosa?” A Rosa ndi alamu anga, mkazi wake, kwawo ndi kutsidya kwa mtsinje komweko. Iye ankangondiponyera chitsononkho. Sindinafunsepo kuti kwenikweni ankalichita chiyani bwatolo.

Maliro atatha, zovala zake zinagawidwa kwa abale, alamu anasudzulidwa. Amayi anatuma ngolo kukatenga bwato kumtsinje. Anati safuna wina aliyense alikwere, chifukwa m'menemo muli manja a mwana wawo. Analiika pakhonde pamwamba pa njerwa, n'kuliphimba ndi lona kuti ngakhale dontho la mvula lisaligwere. M'mawa uliwonse ankalipukuta fumbi ndi kapulana yawo, chitenje chawo chomwecho. Nthawi zina ndinkawapeza angokhala pambali pake, dzanja lili pamphepete. Ine ndinkazemba, kupita kumsika kukanamiza anthu.

Chaka chino titakolola, anzanga anati tipita ku akampamento koma za bwato tiiwale. Ine ndinakana. Ndinawasautsa amayi m'mawa ndi madzulo mpaka anatopa nane.

“Tenga,” anatero. “Koma undibwezere mmene walitengera, Zeka. Ndilibenso china chake.”

Tinalikweza pangolo. Linali lopepuka ngati dengu, ine n'kumanyadira kuti mphamvu zandichulukira. Titafika kumtsinje, anzanga ali pakati pomanga lona, ine ndinali nditalikankhira kale m'madzi. Ndinawauza kuti kuyambira lero azinditchula kuti kapitawo, ndipo ndiyamba ndapita ndekha kuti ng'ona zindidziwe. Ndinagwira nkhafi ya mano, ndinatsetsereka, ndinakhota kuseri kwa miyala kuja, anzanga osaonekanso.

Epa, ndinangomva mapazi kuzizira. Kuyang'ana pansi, madzi akulowa paliponse. Panalibe bowo loti n'kutsekapo ndi chala, inali ming'alu yopyapyala ngati tsitsi, kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Ndinakapa ndi chipewa, ndinakapa ndi manja, ndinavula malaya kutsekera, osathandiza. Bwato linangotsika pang'onopang'ono ngati munthu wotopa akugona. Ndinagwira mwala. Ndinaliona lakuda pansi pa madzi likukokedwa ndi mtsinje, kenako sindinalionenso.

Ndinatulukira kutsidya, n'kuzungulira pamalo osaya kubwerera ku lona. Anzanga ndinawauza kuti ndasambira mtsinje wonse ndi dzanja limodzi, linalo ndikukankha ng'ona yaitali ngati kamiyawu, chilole chija cha katundu cha pamalire pa Cassacatiza. Palibe anaseka. Zito anangofunsa kuti, “Nanga bwato?”

Abale anga, ndadwalapo malungo, ndagwapo pa mota, koma ululu wa tsiku limenelo sindinaumvepo. Tinadula nsungwi, tinayenda m'mphepete mwa mtsinje tikupisa paliponse pakuya. Tinapisa tsiku limenelo, tinapisa mawa lake. Tinangovuula mitengo yowola ndi thumba lakale la feteleza. Anzanga ankawotcha mbatata, ine osadya. Ndikatseka maso ndinkaona amayi atagwira kapulana yawo, ataima pakhonde pali njerwa zokhazokha.

Zito anandikhalira pafupi. “Zeka, tanena bodza limodzi lokha tisekeko.”

Tsiku limenelo mabodza anandithera. Ine, Zeka! M'mutu mwanga ndinali nditakonza kale zoti akampamento ikatha sindibwerera kunyumba. Ndimati ndipite pa Cassacatiza, ndipemphe wa kamiyawu aliyense andiolotse ku Zambia, ndikakhale wonyamula matumba kumene kulibe wondidziwa. Ndinkaona kuti bola amayi amve kuti ndathawa kusiyana n'kuti ndiwayang'ane m'maso.

M'mawa wa tsiku lopasula lona ndinapita ndekha kuseri kwa bango, ndinagwada pamchenga. Mapemphero a m'buku onse anandithawa. Ndinangoti, “Ambuye, munatenga mano Bento, sindinakufunseni kanthu. Koma chimtengo ichi mukuchifuniranji? Kumwambako kuli mtsinje? Amayi anga aika kale maliro kamodzi, musalole kuti ine ndiwaikitsenso kachiwiri.” Ndinakhala pomwepo mawondo mpaka kuchita dzanzi. Palibe chinachitika. Ndinadzuka, ndinapita kukathandiza kumasula zingwe.

Tikupinda lona, tinamva mawu kutsidya.

“Alamu! Inu a kapitawo! Bwerani mudzachotse katundu wanu, akunditsekera potunga madzi!”

Anali a Rosa, ataima kumunsi kwa dimba lawo, manja m'chiuno. Tinathamanga tonse, Zito mpaka kutaya patapata. Bwato linali litakodwa pansi pa bango, pamalo pomwe iwo amatungira madzi othirira kabichi, lodzaza mchenga, mphuno yokha ikuonekera. Ife tinali titapisa kumtunda ndi kumunsi, koma pamenepo tinapadumpha. Tinalikoka anthu onse. Linali lolemera ngati ng'ombe yakufa. Tinachotsa mchenga, tinakapa madzi, tinalikankhiranso pamtsinje kuti tione polowera.

Silinalowe madzi. Ndinagwada m'katimo, ndinapapasa ndi zala, ming'alu yonse ija inali itatsekeka.

A Rosa anapukusa mutu. “Amuna anga ankalimiza dala ndi miyala chaka chilichonse, likhale pansi limwe. Mtengo ukamwa umatupa, ming'alu imagwirana. Inu mwalisunga pouma chaka chathunthu ngati chimanga, n'kulikwera tsiku lomwelo. Mumayesa ankabwera kuno kudzangoona ine?”

“Ndimayesa choncho, alamu.”

“Zinali zonse ziwiri,” anatero. Anaseka pang'ono, kenako anaphimba nkhope ndi kapulana.

Sindinalikweze pangolo. Ndinakwera njinga mpaka kunyumba, ndinawagwadira amayi, n'kuwauza zonse popanda kuwonjezera ngakhale nsomba imodzi. Anamvetsera mpaka pamapeto. Kenako anati, “Ndiye kuti ndinkaliumitsa ndine.” Ndinawakweza kumbuyo kwa njinga mpaka ku Kapoche. Atafika anayamba akumbatirana ndi a Rosa, chifukwa chisudzulireni anali asanaonane. Kenako amayi anavula patapata, analowa m'bwato, anthu amene moyo wawo wonse ankaopa mtsinje. Amene anapalasa ndi Zito, ine anandikaniza nkhafi. Amayi anangolowetsa dzanja m'madzi, bwato likuyenda, milomo ikugwedera. Potsika anati, “Likhale kuno kwa mkazi wake. Pakhonde paja limafa.”

Mano Bento sanabwerere, ndipo sindikunamizani kuti mtima wapola. Ndikamva mota ikuima pakhomo ndimadzukabe kuti mwina ndi iye. Koma ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero lamwano ngati langa. Pamene ine ndinkati walanda, bwato linali pansi pa madzi likuchira, ndipo analiimika pa dimba la munthu yekhayo amene akanalizindikira ndi mphuno yokha. Ndikuthokoza alamu anga, ndikuthokoza anzanga amene anapsa ndi dzuwa akupisa mtsinje. Inu amene chanu chamira ndipo mwayamba kuganiza zothawa, dikirani pang'ono, gwadani kaye. Mulankhuleni mmene mungathere, amamva ndithu.

Chatsala chimodzi, ndipo Zito ukachiwerenga usandiimbire telefoni. Ng'ona kunalibe. Kusambira sindidziwa, zaka zonsezi ndinkangosamba m'mphepete n'kumati ndatopa. Tsiku lija ndinakakamira pamwala ndikukuwa ngati mbuzi yomangidwa, mpaka a Rosa anasiya khasu, analowa m'madzi owafika m'chifuwa, n'kundibereka kumbuyo ngati khanda, ine wandevu zanga. Ndipo misozi yonse imene ndinaikaniza pamaliro inatulukira pamsana pawo. Ndinkaitana mano Bento mpaka mawu kutha. Iwo sanauze munthu mpaka lero. Anangoti, “Lirani alamu, kuno kulibe akuonani. Koma khosi langa lokha lisiyeni, tingamire tonse.”