Mwana wanga akusambitsa makolo a eni

Pamzere wolandirira mankhwala kuchipatala, mayi wina waimvi ankalimbana ndi njinga ya odwala. Panjingapo panali mwamuna wake, amene sitiroko inamuumitsa mbali imodzi. Bambo wina amene anali kumbuyo kwawo analephera kupirira.

"Mayi, mukuvutika nokha chonchi, ana mulibe?"

"Alipo mmodzi, wamwamuna. Ali kunja kwa dziko lino, akuti akugwira ntchito yongodzipereka. Zaka zikungotha iye akuyendayenda ndi chikwama kumsana."

"Ntchito yake yotani?"

"Kusambitsa nkhalamba, achimwene! Kwaulere! Munthu woti pakhomo ngakhale mbale yodyera yekha ankaisiya pampando."

"Aa! Ndiye kuti wasintha."

"Wasinthadi. Dziko lililonse limene wafika amapezako mayi. Amanditumizira zithunzi pafoni atakumbatira gogo wa eni, n'kulemba kuti, 'Awa ndi amayi anga atsopano.' Kutumizira ineyo amene ndinamubereka!"

"Koma za matenda a bambo akewa akudziwa?"

"Ndinamuuza. Anandiyankha kuti maulendowa amuphunzitsa kuti anthu onse ndi banja limodzi."

"Nanga zobwera?"

"Akuti panopa sangachoke. Nkhalamba zakezo zamuzolowera, zingalire."

"Ndiye inu mutani, mayi?"

Mayiyo anawerama n'kupukuta malovu pachibwano cha mwamuna wake.

"Tidikira, achimwene. Kwinakwake kuli mwana wa eni amene watopa nawo makolo ake. Tsiku lina adzatsika basi ndi chikwama chake, adzatisambitsa bwinobwino, kenako adzatijambula n'kutumizira mayi ake."