Bakayawo wa Mlongo Wanga

Zaka zimene khadi la chipani linali lofunika kuposa nsapato, ine nditangokwatira kumene ku Makhanga, ndinachita chinthu chimene mpaka lero ndikachikumbuka ndimafuna kubisa nkhope. Iwe Esinati, wati mutu ukukuwawa? Usathamangire mapiritsi, khala kaye pamthunzipa, ndipo enanu senderani kuno, poti nkhaniyi sindinauzepo ngakhale atate anu.

Ndinali ndi mlongo wanga wamkulu, a Lusiya, amene anandilera amayi athu atamwalira, ndipo anakwatiwa kutsidya kwa Ruo, ku Mozambiki. Mwezi ndi mwezi ankaoloka pa bwato kudzationa, dengu lili pamutu, m'dengumo muli bakayawo, nsomba zouma zamchere wambiri zija, ndi kabotolo ka vinyo wofiira. Masiku ano mlendo akabwera ndi ndiwo mumangoponya m'kabati, mwina osathokoza n'komwe, koma kale ndiwo ya mlendo inkaphikidwa tsiku lomwelo mwiniwake akuona, ndipo mayi wa panyumba ankayenera kudya, chifukwa kukana kunali kunyoza. Tsono bakayawo amafunika kumuviika m'madzi nthawi yaitali kuti mchere uchoke, koma agogo anu akazi, pofulumira kulemekeza alamu awo, ankangomutsuka kamodzi n'kuponya mumphika, n'kudya, n'kulawako vinyo uja.

M'mawa mwake, mlendo atangotsazika, mutu unkayamba. Si mutu wanuwu ayi, ndikunena mutu wa ching'alang'ala, wowawa mbali imodzi, munthu kusanza, kudana ndi kuwala, kudzitsekera m'nyumba masiku awiri atamanga mpango pachipumi. Tinawatema mphini, tinawafukiza masamba, koma ayi ndithu. Ndipo ine, ndi nzeru zanga zoperewerazi, ndinayamba kuona kuti a Lusiya akabwera mutu umabwera, akapanda kubwera mkazi wanga amalima thonje tsiku lonse akuimba. Ndinati basi, ndamugwira mfiti. Sindinafunse munthu, ngakhale wodwalayo, chifukwa nthawi imeneyo ndinali waukali, wosauzika.

Tsiku lobwera a Lusiya ndinakawadikira padoko. Anthu anali ambiri, amayi ochapa, asodzi, ndi anyamata ofunsa makhadi aja. A Lusiya anatsika m'bwato akumwetulira, n'kunena kuti, "Zuze, lero wabwera kudzandichingamira?"

Ine ndinakuwa kuti aliyense amve: "Bwererani komwe mwachokera! Mukufuna kundiphera mkazi? Mukabwera akudwala, mukabwera akudwala, mukuyesa sindikuona?" Ndipo ngati zimenezo sizinakwane, ndinawonjeza mawu amene amandiwotcha mpaka pano. Ndinati, "Ndiponso mulibe khadi inu, mukadzapondanso kuno ndikakunenezani." Ana inu simungamvetse, koma masiku amenewo mawu otere ankatha kumusowetsa munthu.

Sanandibwezere mawu oipa ayi. Anatula dengu pamchenga, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kufunsa chapansipansi kuti, "Ine, Zuze? Amene ndinakubereka kumbuyo?" Kenaka anangoti takhuta, kuthokoza kwa Chisena kuja, n'kukweranso bwato lomwelo. Dengu analisiya, ine ndinalikankhira m'madzi ndi phazi.

Mutu unasiyadi, ndipo ine ndinkayenda modzitama kuti ndapulumutsa banja. Panapita zaka zingapo, kenaka kunabwera madzi osefukira amene anakokolola minda, ndiwo n'kusowa. Madzi ataphwa pang'ono ndinapita ku Chiromo ine ndemwe, ndi manja angawa ndinagula bakayawo, ndinabwera naye kunyumba n'kulamula kuti aphikidwe msanga poti ana athu, Tomasi ndi azing'ono ake, anali ndi njala. Kutacha, agogo anu ali gone m'nyumba, mpango pachipumi, akusanza. Kunalibe mlendo, kunalibe bwato, amene anabweretsa nsombayo ndinali ine.

Ndinakhala pambali pa mphasa, ndipo iwo anayankhula osatsegula maso. Anati, "Bambo a Tomasi, ine ndinkadziwa kuti ndi nsombayi, ndipo vinyo uja ankawonjezera. Koma ndikanakana bwanji ndiwo ya alamu anga? Ndipo inu mutawathamangitsa ndinaopa kunena, chifukwa mukanatembenukira ine." Nditawatengera kuchipatala cha mishoni, namwino ananena zomwezo, kuti alipo anthu amene mitu yawo sigwirizana ndi nsomba kapena nyama yosungidwa mumchere, ena vinyo, ena kachasu, ena tiyi akamuchulutsa kapena akamusiya mwadzidzidzi, ndipo ena kungodumpha chakudya padzuwa la kuno kwathu. Anafunsa kuti, "Nanga simunafunse chimene anadya?" 

Mwina mukuganiza kuti ndinathamanga kukapepesa. Ha, ndikanakhala munthu! Ruo si mtsinje wovuta kuoloka, koma manyazi anandimanga miyendo. Ndinkati ndipita ndikakolola thonje, ndikakolola n'kuti ndipita mvula ikatha, ndipo ndinkaopa kuti ndikanena chiyani pamaso pa alamu anga aamuna ndi ana awo. Ndikuzengereza choncho, kutsidyako kunabuka nkhondo. Anthu atayamba kuthawira kuno ndi mitolo pamutu, ndinkaima padoko lomwe lija kuyang'ana nkhope imodzi imodzi, mpaka ndinapeza mayi wina wa m'mudzi mwawo. Anandiuza kuti a Lusiya anamwalira chaka cham'mbuyo ndi matenda, ndipo kuti akudwala anzawo anawauza kuti athawire kwa mlongo wawo ku Makhanga, koma iwo anakana, amvekere, "Kumeneko amati ndine mfiti."

Ndiye Esinati mdzukulu wanga, mapiritsiwo imwa, palibe choipa, koma uyambe wadzifunsa kuti dzulo unadya chiyani, unamwa chiyani, madzi unamwa okwanira kapena ayi, usanafunse kuti wakulodza ndani. Chakudya chikamakudwalitsa nena mwaulemu, ngakhale wakupatsa ndi apongozi, chifukwa kukhala chete kwa agogo anu ndi ukali wanga zinatayitsa munthu wosalakwa. Ndipo anyamata inu, mukadzalakwira m'bale wanu, pitani tsiku lomwelo manyazi ali pankhope chomwecho. Ine ndinadikira kuti manyazi ayambe atha, ndipo lero ngakhale manda a mlongo wanga sindikuwadziwa.