Madzi Otentha pa Miyendo Yosamva

Inu otiwerengera nkhani pa wailesi, landiraniko yanga. Ndine mlimi wa fodya wa ku Ngauma, ndipo ndikulemba ndili pa njinga ya olumala.

Ndinagwa kuchokera padenga la chigafa, msana n'kuthyoka, miyendo n'kungoti zii. Mkazi wanga anachita zomwe tonse timachita munthu akavulala: ankatenthetsa madzi n'kumandithowa ndi nsalu. Akafunsa kuti, "Bambo, akuotcha?" ndinkati ayi, poti sindinkamvadi kanthu. Pofika nane kuchipatala ku Cuamba, ntchafu zinali matuza okhaokha, ndipo abale anga anayamba kumunena kuti akufuna kundimaliza.

Kumeneko kunali namwino wina amene ntchito yake ndi kuphunzitsa anzake kasamalidwe ka ovulala msana. Anabwera ndi ophunzira ake, n'kuona zilonda zija, n'kuonanso mkazi wanga akulira pakona. Sanamukalipire. Anamugwira dzanja n'kunena kuti, "Mayi, munawathowa chifukwa chowakonda. Koma khungu lawoli silingathenso kudandaula, ndiye muziwamvera ndinu." Anamuphunzitsa kuyesa madzi ndi chigongono, kunditembenuza pafupipafupi, ndi kuyang'ana paliponse pamene pafiira. Kenako anauza ophunzira aja, abale anga akumva, kuti, "Mayi awa palibe anawauzapo. Oyenera kuwauza ndife."

Zilonda zinapola, miseche inathanso. Anzanga omvera, wovulala msana musamuthowe, musamukhazikenso pafupi ndi moto. Ine sindiyendabe, koma mkazi wanga akaviika chigongono m'beseni, ndimadziwa kuti miyendo yangayi ili naye woimvera.